Mlandu Suola: Mbiri ya Stephen Lawrence ndi Makolo Amene Anakana Kukhala Chete

Adzukulu anga, ndi inu nonse okonda za makolo, mwambi wathu wa lero ndi wa mawu awiri okha: mlandu suola. Akuluakulu ankautchula pabwalo pamene wolakwa wathawa, kapena pamene mboni zachita mantha, pofuna kulimbitsa mtima wolakwiridwa kuti ngakhale papite zaka, tsiku lidzafika loti nkhaniyo ikambidwe. Nyama imaola, nsomba imaola, ngakhale mzati wa nyumba umafumbwa, koma mlandu umadikira mwini wake. Komatu mwambiwu uli ndi mbali ina imene ambiri saiganizira. Kuti mlandu usaole, pamafunika munthu wousunga, wokumbutsa mfumu chaka ndi chaka osatopa. Pakapanda wotero, mlandu umakwiriridwa limodzi ndi malemu. Mbiri yotsatirayi inachitikira mumzinda wa London ku Britain, ndipo ikuonetsa zimene zimachitika pamene oyenera kusunga mlandu, ndiwo apolisi, ndi amene akuutaya.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, dziko la Britain linkasowa antchito. Anthu ambiri a ku zilumba za Caribbean, zimene zinali pansi pa ulamuliro wa Angerezi, anawoloka nyanja kukagwira ntchito m'zipatala, m'mafakitale, m'mabasi ndi m'sitima zapamtunda. Sitima yapamadzi yotchedwa Empire Windrush, imene inafika mu 1948, ndiyo imakumbukiridwa monga chiyambi cha ulendo umenewu. Thukuta lawo linalandiridwa, koma eni akewo ankakanizidwa nyumba za lendi ndi ntchito zabwino chifukwa cha khungu lawo. Ana awo, obadwira ku Britain komweko, anakula akuimitsidwa ndi kusechedwa ndi apolisi m'misewu popanda chifukwa chomveka.

Mkwiyo unasefukira mu 1981. M'mwezi wa Januwale, moto unabuka m'nyumba ina ku New Cross kumene kunali phwando, ndipo achinyamata akuda 13 anafa. Anthu akuda anaona kuti boma ndi apolisi sanakhudzidwe ndi maliro amenewa, choncho pa 2 Malichi anthu pafupifupi 20,000 anayenda m'misewu ya London posonyeza kukhumudwa kwawo. Mwezi wotsatira, apolisi ataimitsa anthu oposa 900 m'masiku owerengeka ku Brixton, kunabuka zipolowe zazikulu. Boma linatuma woweruza wamkulu, Lord Scarman, kuti afufuze. Iye anavomereza kuti anthu akuda ankakhala movutika ndiponso kuti apolisi ena anali ndi tsankho, koma anati vutolo linali la anthu ochepa, osati la gulu lonse la apolisi. Kwathu kuno timati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Funso loti nsomba yowolayo inali imodzi kapena dengu lonse linakhala lopanda yankho kwa zaka zina 18.

Stephen Lawrence anabadwa mu 1974. Makolo ake, bambo Neville ndi mayi Doreen Lawrence, anachokera ku Jamaica m'zaka za m'ma 1960. Anali mnyamata wa pasukulu, wokonda mpikisano wothamanga, ndipo ankafuna kudzakhala katswiri wojambula mapulani a nyumba. Usiku wa pa 22 Epulo 1993, ali ndi zaka 18, ankadikira basi ku Eltham, kummwera chakummawa kwa London, pamodzi ndi mnzake Duwayne Brooks. Gulu la anyamata achizungu asanu kapena asanu ndi mmodzi linawathamangira, mmodzi akufuula mawu otukwana anthu akuda. Duwayne anathawa, koma Stephen anamuzungulira n'kumubaya kawiri ndi mpeni. Anadzuka, anathamanga mamita oposa 100, kenaka anagwa pambali pa msewu wa Well Hall Road. Sankawadziwa anyamatawo ndipo sanakangane nawo. Iye sanali woyamba kuphedwa m'dera limenelo: Rolan Adams anaphedwa mu 1991, ndipo Rohit Duggal mu 1992, onse awiri anyamata osakhala azungu, onse ndi mpeni.

Apolisi amene anafika pamalopo sanapereke chithandizo choyamba kwa mnyamata amene anali gone pansi. Madokotala anadzanena pambuyo pake kuti mabalawo anali akulu koti sakanapulumuka, koma apolisiwo sankadziwa zimenezo pa nthawiyo. Duwayne, amene anali atangoona mnzake akubayidwa, anamufunsa mafunso ngati kuti iye ndiye anali wopalamula. Makolo a malemu nawo anaona kuti apolisi obwera kunyumba kwawo ankafufuza kwambiri za khalidwe la mwana wawo ndi za alendo obwera kudzapepesa maliro, m'malo mowauza pamene kafukufuku wafika.

Anthu a m'deralo sanabise mawu. M'masiku oyambirira enieni, ena anaimba telefoni kupolisi, ena analemba timakalata topanda dzina, kamodzi n'kukasiyidwa pa galasi la galimoto ya apolisi, ndipo maina amene ankatchulidwa anali amodzimodzi. Anthu amenewa anadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma milungu iwiri inatha popanda womangidwa. Apolisi amene ankazonda nyumba ya ena mwa oganiziridwawo anaona zinthu zikutulutsidwa m'matumba akuda a pulasitiki, koma sanazilande. Pa mlandu wakupha, masiku oyamba ndiwo a mtengo wapatali, pakuti zovala zimachapidwa, mipeni imatayidwa, ndipo mboni zimaopsezedwa. Patapita zaka, mkulu wina amene ankatsogolera kafukufukuyo anavomera poyera kuti sankadziwa bwino kuti lamulo linkamulola kumanga munthu pongokhala ndi chifukwa chomveka chomukayikira.

Pa 6 Meyi 1993, Nelson Mandela, amene pa nthawiyo anali asanakhale mtsogoleri wa dziko la South Africa, anali ku London, ndipo anavomera kuonana ndi banja la Lawrence. Atatuluka, anauza atolankhani kuti nkhanza zotere anazizolowera kwawo, kumene moyo wa munthu wakuda unkayesedwa wotsika mtengo. Mawa lake lomwe, apolisi anayamba kumanga oganiziridwawo. Apolisi anakana kuti kumangako kunachitika chifukwa cha Mandela, koma banjalo linaphunzirapo kanthu: kulira kwa mayi kukamveka m'nyumba mokha, akuluakulu sagwedezeka. Chimwemwe chawo sichinakhalitse, chifukwa mu Julayi chaka chomwecho oimira boma pa milandu anathetsa mlanduwo ponena kuti umboni unali wosakwanira. Apolisi atadzifufuza okha, analemba lipoti lonena kuti ntchito yawo inayenda bwino.

Apa ndi pamene anthu ambiri akanagwa ulesi. Bambo Lawrence anali mmisiri wopaka pulasitala, mayi Lawrence anali pa maphunziro, ndipo analibe chuma kapena achibale m'boma. Koma mutu umodzi susenza denga. Loya wachinyamata, Imran Khan, anaima nawo kuyambira masiku oyamba, ndipo loya wina wotchuka, Michael Mansfield, anadzipereka kuwathandiza. Mipingo, mabungwe a anthu apantchito ndi magulu olimbana ndi tsankho anasonkha ndalama, anachititsa misonkhano, ndipo chaka chilichonse ankasonkhana pamalo pamene mnyamatayo anagwera. Panalinso zionetsero zofuna kuti sitolo ya mabuku ya chipani cha British National Party ku Welling, imene anthu ankaiona ngati chisa cha chidani m'deralo, itsekedwe, ndipo inatsekedwadi mu 1995. Zionetsero zina zinathera m'ziwawa, koma makolo a Stephen anakana kuti dzina la mwana wawo likhale chifukwa choswera mawindo ndi kugenda. Iwo anasankha njira yaitali ya makhothi, makalata ndi misonkhano.

Malamulo a ku England amalola munthu wamba kuzenga yekha mlandu waupandu ngati boma lakana, ngakhale kuti izi zimachitika kawirikawiri ayi. Banja la Lawrence linatero. Mu Epulo 1996 anyamata atatu anaonekera kukhothi lalikulu la Old Bailey, koma woweruza anakana umboni wa Duwayne Brooks wozindikira nkhope zawo, mlanduwo unagwa, ndipo atatuwo anamasulidwa. Kugwa kumeneku kunali kowawa koposa, chifukwa ku England kunali lamulo la zaka pafupifupi 800 loti munthu amene khothi lamupeza wosalakwa sangazengedwenso mlandu womwewo, ngakhale umboni watsopano utapezeka. Zinaoneka ngati khomo latsekedwa kotheratu.

Mu Febuluwale 1997 kunakhala bwalo lofufuza chimene chinapha Stephen. Oganiziridwa asanu anaitanidwa, koma anakana kuyankha mafunso. Bwalolo linagamula kuti Stephen anaphedwa ndi anyamata achizungu asanu chifukwa cha tsankho, iye asanawapute m'njira iliyonse. Pa 14 Febuluwale, nyuzipepala ya Daily Mail inasindikiza zithunzi za anyamata asanuwo patsamba loyamba, inawatcha zigawenga zakupha, ndipo inawauza kuti ngati ikunama akaisumire. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anasuma. Chodabwitsa n'chakuti nyuzipepalayi sinkadziwika ndi kuimira anthu akuda. Mkonzi wake, Paul Dacre, ankawadziwa bambo Lawrence chifukwa anagwirapo ntchito ya pulasitala panyumba pake. Ukayenda siya phazi, amatero akuluakulu, ndipo phazi limene bambowa anasiya panyumba ija linadzawathandiza pa tsiku limene sankaliyembekezera.

Chaka chomwecho boma linasintha, ndipo nduna yatsopano yoona za m'dziko, Jack Straw, itakumana ndi banjalo, inakhazikitsa kafukufuku wapoyera wotsogoleredwa ndi woweruza wopuma pantchito, Sir William Macpherson. Kutuma woweruza kukafufuza boma lomwe lamutumalo ndi mwambo wakale wa Angerezi, ndipo Amalawi tinauonapo mu 1959, pamene Sir Patrick Devlin analemba kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, boma la ku London n'kukana mawu akewo. Banja la Lawrence poyamba linamukayikira Macpherson, mzungu wachikulire wa ku Scotland amene sankadziwika ndi kumvera chisoni anthu obwera. Mmodzi wa alangizi ake atatu anali Bishopu John Sentamu, wobadwira ku Uganda, amene pambuyo pake anadzakhala Akibishopu wa York.

Kafukufukuyo anachitika mu 1998 ku Elephant and Castle, ndipo tsiku ndi tsiku anthu wamba ankadzaza mipando kudzamvera. Apolisi amene anazolowera kufunsa anzawo anayamba kufunsidwa iwo, pamaso pa anthu. Mayi Lawrence anafotokoza mmene anaperekera pepala la maina a oganiziridwa kwa mkulu wina wa apolisi, iye n'kulipindapinda kukhala kanthu kakang'ono iwo akuona. Apolisi ena ofufuza milandu anakanabe kuvomera kuti Stephen anaphedwa chifukwa cha khungu lake. Apolisi akuda, amene anali atakhazikitsa bungwe lawo mu 1994, anafotokoza za nthabwala ndi mayankhulidwe onyoza amene ankamva kuntchito, ndi mmene wapolisi watsopano amaphunzirira maganizo amenewa kwa anzake popanda wina kumuuza kuti akumuphunzitsa. Mkulu wa apolisi a Metropolitan Police, Sir Paul Condon, anapepesa kwa banjalo, koma anakana kuti gulu lake lonse linali ndi tsankho.

Lipoti linatuluka pa 24 Febuluwale 1999. Linati kafukufuku wa imfa ya Stephen anaonongeka chifukwa cha zinthu zitatu: kusadziwa ntchito, kulephera kwa atsogoleri, ndi chimene m'Chingerezi anachitcha institutional racism, kutanthauza tsankho lokhazikika m'bungwe. Mawu amenewa ndi ofunika kuwamvetsa bwino, adzukulu anga, chifukwa ndiwo mtima wa nkhani yonseyi. Macpherson sananene kuti wapolisi aliyense ankadana ndi anthu akuda. Anati bungwe lathunthu lingathe kulephera kutumikira anthu moyenera chifukwa cha khungu, chikhalidwe kapena mtundu wawo, ngakhale popanda wina wofuna dala kuchita choipa. Zimachitika kudzera m'zizolowezi, m'kusaganizira ena, m'umbuli, ndi m'maganizo ongotengera akuti anthu a mtundu wakuti ndi otere. Wapolisi akaona mnyamata wakuda ali m'magazi n'kuganiza msanga kuti kunali ndewu, mnzake n'kuona mboni yakuda ngati wokayikitsa, wachitatu n'kuona makolo ofunsa mafunso ngati ovuta, ndipo mkulu wawo n'kulemba kuti zonse zili bwino, palibe amene angalozedwe chala yekha, komabe chilungamo chafa. Madzi a pachitsime akamadwalitsa mudzi, kusintha chikho sikuthandiza.

Lipotilo linapereka mfundo 70 zoyenera kusintha, ndipo ulendo uno boma silinakane. Mu 2000 Nyumba ya Malamulo inakonza lamulo loletsa tsankho kuti likhudzenso apolisi pa ntchito yawo, pakuti kale silinkawakhudza mokwanira, ndiponso linalamula mabungwe onse a boma kuti azilimbikitsa kusasiyana kwa mitundu. Anagwirizana kuti munthu akadandaula kuti wachitiridwa choipa chifukwa cha mtundu wake, apolisi azilemba ndi kufufuza nkhaniyo motero, osati kuyamba ndi kumutsutsa. Apolisi apadera anayamba kuphunzitsidwa ntchito yoyenda ndi mabanja ofedwa. Mu 2004 kunakhazikitsidwa bungwe loima palokha lofufuza madandaulo okhudza apolisi. Ndipo lamulo lakale lija loletsa kuzenga munthu kawiri linasinthidwa mu 2003, n'kuyamba kugwira ntchito mu 2005, kuti pa milandu ikuluikulu monga yakupha, khothi lizitha kutsegulanso mlandu ngati papezeka umboni watsopano wamphamvu. Pa kusintha kumeneku panalinso dzanja la mayi wina, Ann Ming, amene mwana wake wamkazi anaphedwa mu 1989, wakuphayo n'kudzaulula atamasulidwa kale.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Zovala za oganiziridwa zimene apolisi analanda mu 1993 zinali zikusungidwabe, ndipo akatswiri a sayansi anaziyezanso ndi zipangizo zatsopano. Pa kolala ya jekete ya Gary Dobson, mmodzi wa atatu amene anamasulidwa mu 1996, anapeza kadontho ka magazi a Stephen kosafika ndi milimita imodzi yomwe. Pa zovala za David Norris anapeza ulusi wa zovala za malemu ndi katsitsi. Mu 2011 khothi la apilo linafafaniza chigamulo chomasula Dobson, ndipo pa 3 Januwale 2012, patatha zaka zoposa 18, awiriwa anapezeka olakwa pa mlandu wakupha. Dobson analamulidwa kukhala m'ndende zaka zosachepera 15 ndi miyezi iwiri, Norris zaka zosachepera 14 ndi miyezi itatu. Zakazo zinachepa chifukwa pa tsiku la mlanduwo onse anali asanakwanitse zaka 18.

Musaganize kuti nkhaniyi inatha mokoma monga nthano. Mwa anyamata asanu kapena asanu ndi mmodzi aja, awiri okha ndiwo anapezeka olakwa. Banja la bambo Neville ndi mayi Doreen linatha mu 1999 chifukwa cha kulemera kwa chisoni. Stephen anaikidwa m'manda ku Jamaica, ndipo mwala wa chikumbutso umene unaikidwa ku Eltham unaonongedwa kangapo ndi anthu achidani. Mu 2013 wapolisi wina wakale, Peter Francis, anaulula kuti anatumidwa ngati kazitape pakati pa magulu othandiza banjalo, ndipo kafukufuku wa loya Mark Ellison mu 2014 anatsimikiza kuti kunalidi kazitape wa apolisi pafupi ndi banjalo pa nthawi imene Macpherson ankamva umboni. Mu Malichi 2023, Baroness Louise Casey atafufuzanso apolisi a Metropolitan Police, anapeza kuti tsankho lokhazikika lija linalipobe, pamodzi ndi kunyoza akazi. Mkulu wa apolisi wa nthawiyo, Sir Mark Rowley, anavomera zolakwikazo, koma anakana kugwiritsa ntchito mawu aja amene Macpherson analemba zaka 24 m'mbuyomo. Madzi saiwala khwawa, ndipo bungwe likasiyidwa lopanda woliyang'anira limabwerera m'njira zake zakale.

Nanga tinene kuti khama lonselo linapita pachabe? Iyayi. Chaka cha 1993 chisanafike, mayi wakuda wodandaula za apolisi ku Britain ankangouzidwa kuti zimenezo ndi maganizo ake. Banja la Lawrence linasiya m'mabuku a boma dzina la matendawo, linasiya malamulo amene wodandaula angaimepo, ndiponso linasiya chitsanzo chimene mabanja ena ofedwa atsatira. Mayi Doreen Lawrence analowa m'nyumba ya House of Lords mu 2013, ndipo kuyambira mu 2019 tsiku la 22 Epulo limakumbukiridwa ku Britain monga tsiku la Stephen Lawrence. Bambo Neville Lawrence ananena mu 2018 kuti anakhululukira amene anapha mwana wawo, koma sanasiye kufuna kuti otsalawo aweruzidwe. Kukhululuka ndi kwa mtima, kuweruza ndi kwa bwalo, ndipo chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake.

Ena mwa inu, adzukulu, mukukhala ku Britain komweko, ena ku South Africa ndi kumaiko ena kumene mlendo amadziwika ndi khungu kapena chilankhulo. Onani mmene anthu awa anasungira mlandu wawo. Anasunga maina, masiku ndi makalata. Sanapite okha kupolisi, koma ndi loya ndi mboni. Analandira thandizo kwa aliyense, wakuda ndi mzungu, bishopu ndi mtolankhani, koma sanalole kuti wina awalande nkhani yawo. Khothi lina litawakana, anapita ku lina, ndipo lamulo litawatsekera khomo, anapempha kuti lamulolo likonzedwe. Koposa zonse, sanakhutire ndi kuchotsedwa kwa wapolisi mmodzi kapena awiri, koma anafunsa chifukwa chake anthu ambiri chotere analakwitsa mofanana usiku umodzi ndi m'zaka zotsatira. Anansi amene analemba timakalata tija, ndi anthu amene ankadzaza mipando ku Elephant and Castle, ambiri sanali abale a Stephen. Anangokhulupirira zimene makolo athu anatiphunzitsa, kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.